Mudziweni wosunga mwana mlandu usanabuke

Mwafika ku Nangongwe, ahedi akupatsani kalasi, rejisitala ndi bokosi la choko, ndipo mwaona kale kuti ana achuluka kuposa madesiki. Za kaphunzitsidwe sindikuuzani kanthu. Munaphunzira ku koleji ndipo a Teaching Council of Zambia anakupatsani chiphaso. Ndikufuna tikambe za ntchito imene ilibe piriyodi yake pa tayimutebulo, ntchito yodziwana ndi anthu amene ana awa amabwerera kwa iwo belu likalira. Mukaizengereza imakupezani pakati pa temu, mwana atasowa milungu iwiri, inu mulibe ndi nambala yomwe yoti muimbe.

Yambani mwaimvetsa tauni imene mwabweramo. Kafue inakula ndi mafakitale, makamaka Nitrogen Chemicals of Zambia ndi Kafue Textiles. Ya nsalu ija inatsekedwa, ndipo mabanja ambiri a m'makomboni monga Nangongwe ndi Zambia Compound amadya zimene apeza tsiku lomwelo. Ena ali pa mashifiti ku fakitale ya zitsulo, ena amalawirira pa minibasi kupita ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 40, ena ali pamsika, ena amakapikula nsomba ku madooko a mtsinje wa Kafue monga ku Chanyanya n'kukhalako masiku angapo. Kholo lotere likalephera kufika pa msonkhano wa 10 koloko m'mawa Lachitatu, musathamangire kunena kuti silisamala za mwana. Mwaliitana pa nthawi imene likusaka ndiwo zamadzulo.

Pali china chimene ife okhalitsa pa ntchitoyi timachiona bwino. Kuyambira Januwale 2022, boma litachotsa fizi, ndalama za PTA ndi zamayeso mpaka Giredi 12, ana anadzaza m'makalasi, ena atakhala pakhomo zaka ziwiri kapena zitatu. Chaka chomwecho analemba ntchito aphunzitsi 30,496, koma makalasi sanaphwe. Tinalira mvula, matope sitingawakane. Chimene chinatayika mwakachetechete ndi ichi: kale kholo linkafika lokha pasukulu temu iliyonse, ngakhale monyinyirika, kudzalipira kapena kudzapempha kuti limalize mwezi ukatha. Pamzere wa ku ofesi pomwepo mphunzitsi ankaliona nkhope n'kulikokera pambali. Chingwe chimenecho chinaduka. Lero mwana angathe kuphunzira kuyambira Januwale mpaka Disembala popanda wamkulu aliyense wa kwawo kuponda pageti. Mukapanda kuwafunafuna inuyo, simudzawaona.

1. Lembani amene amasunga mwana, osati amene anamubereka. Fomu yolembetsera imene ili ku ofesi imakhala ndi dzina la bambo amene mwina ali ku Copperbelt, kapena anamwalira mwanayo ali Giredi 2. Gulani kabuku kanu, tsamba limodzi mwana mmodzi. Mafunso ake ndi atatu: "Umagona kwa ndani? Amakuphikira ndani? Ukadwala amakuperekeza ku kiliniki ndani?" Mayankho ake kawirikawiri amaloza munthu mmodzi, kaya ndi ambuya, azakhali, mlongo wake wamkulu kapena mayi womupeza, ndipo ameneyo ndiye kholo lanu. Musafunse kalasi lonse likumva. Mwana wamasiye akayankha pamaso pa anzake kuti bambo kulibe, mwamuvula, ndipo ulendo wina adzakunamizani. Itanani asanu pa tsiku anzawo akulemba ntchito, pakutha milungu itatu mudzakhala mutamaliza.

Nambala za foni tengani ziwiri, ndipo mulembe kuti foniyo ndi ya yani, chifukwa ina imakhala ya aneba kapena ya mwini kantemba wapafupi. Ziyeseni sabata yomweyo. Nambala ya nyumba m'komboni sithandiza kwenikweni, choncho lembani chizindikiro: kuseri kwa tchalitchi chakuti, moyang'anana ndi chigayo, pafupi ndi pompi. Lembaninso mnzake wa m'kalasi amene amakhala naye moyandikana. Ameneyo ndiye mthenga wanu tsiku limene mafoni azima chifukwa magetsi apita.

2. Mawu anu oyamba kwa kholo asakhale a mlandu. Makolo ambiri anazolowera kuti foni yochokera kusukulu ndi tsoka: mwana wamenya mnzake, waswa windo, kapena wakomoka. N'chifukwa chake ena akaona nambala ya aphunzitsi amangoiyang'ana mpaka isiye kulira. Imbani kusanachitike kanthu, mudzitchule dzina, n'kunena chinthu chimodzi chenicheni chimene mwaona mwa mwanayo, kuti amawerenga bwino mokweza kapena kuti sachedwa. Mphindi imodzi yakwana. Sukulu sidzakubwezerani tokotaimu yanu, ndiye musadzipanikize. Makolo asanu pa sabata, kuyambira a ana amene akukudetsani kale nkhawa.

Za chilankhulo, Kafue ndi mphambano. M'kalasi limodzi muli ana a Chitonga, Chibemba, Chilozi ndi Chinyanja. Chinyanja cha m'tauni chimakufikitsani kwa ambiri, koma ambuya ochokera ku Mazabuka mukawapatsa moni wa Chitonga, ngakhale mawu awiri okha, nkhope imamasuka. Chingerezi chisiyeni m'kalasi. Kholo limene mwalilankhula Chingerezi cha ku koleji limangoti "inde aphunzitsi" mpaka kumapeto, n'kutuluka lisanamve kanthu.

3. Rejisitala muziiwerenga, osangoichonga. Ambiri timaichonga mothamanga kuti adeputi asatikalipire, basi. Lachisanu lililonse khalani nayo mphindi khumi, muyende ndi chala mzere wa mwana aliyense kuyambira tsiku lotsegulira. Kujomba kuli ndi mayendedwe ake. Mtsikana wa Giredi 6 kapena 7 wosowa masiku atatu mwezi ndi mwezi, nthawi yofanana, vuto lake mwina ndi zovalira pa nthawi ya kumwezi ndi mmene zimbudzi zathu zilili, ndipo woyenera kulankhula naye ndi mphunzitsi wamkazi, pambali. Chiletso chopha nsomba chimayamba pa 1 Disembala n'kutha kumapeto kwa Febuluwale. Chikangotha, yang'anirani anyamata osinkhuka a m'mabanja a asodzi, komanso atsikana amene amasiyidwa kuti alere ang'ono awo mayi atapita ku dooko. Sukulu ikatsekedwa nthawi yaitali, monga mu 2024 pamene kolera inachititsa kuti temu yoyamba iyambe pa 12 Febuluwale, ena sabwerera okha. Amenewo alondoleni sabata yoyamba yomweyo.

Lamulo langa, limene simungalipeze m'buku la unduna, ndi la masiku atatu. Tsiku loyamba funsani mnzake woyandikana naye uja. Tsiku lachiwiri imbani foni. Tsiku lachitatu dziwitsani mphunzitsi wa gaidensi, amene anapatsidwa udindo wolangiza ana ndi kusunga nkhani zawo zachinsinsi, ndipo lembani m'kabuku deti ndi zimene mwachita. Mwana akajomba milungu iwiri, manyazi obwerera amakhala atakula kuposa chimene chinamujombetsa.

4. Mawu akuti "usabwerenso kuno popanda kholo lako" achotseni pakamwa panu. Ine ndinawanenapo chaka changa chachiwiri pa ntchito, pasukulu ina imene sinditchula. Mnyamata wa Giredi 6 ankagona m'kalasi tsiku ndi tsiku, mutu pa desiki, ndipo tsiku lina nditatopa naye ndinamuthamangitsa ndi mawu amenewo. Anatola makope ake m'pulasitiki n'kutuluka osayankha. Mawa lake sanabwere, sabata yotsatira sanabwerenso, ine n'kumati ndi mwano. Patapita milungu itatu ndinakumana naye pamalo okwerera mabasi madzulo, atanyamula kabeseni ka mazira owiritsa, kabotolo ka mchere ndi tsabola kali m'thumba la malaya a yunifolomu omwe aja. Mayi ake anali ku dooko. Pakhomo anatsala ndi ambuya osayenda ndi ang'ono ake awiri, ndipo mazirawo ankagulitsa mpaka mabasi a usiku atadutsa. Kholo loti abwere nalo panalibe, choncho anamvera lamulo langa ndendende. Anabwerera kusukulu, koma temu imeneyo inamuthera pachabe, ndipo amene anamujombetsa ndinali ine.

Mwana wochenjera, mukamuuza mawu amenewo, sajomba. Amakagwira bambo wina pamsika, kumugulira kachakumwa, n'kubwera naye ngati amalume. Amalume oterewa savuta kuwazindikira: amakalipa kuposa inu, amalumbira kuti akamukhaulitsa kunyumba, koma mukawafunsa dzina la mayi a mwanayo amayang'ana kudenga. Musawachititse manyazi, athokozeni apite, kenaka tsegulani kabuku muimbire munthu weniweni.

5. Mukalifunadi kholo, lembani kalata yaifupi m'Chinyanja, yokhala ndi chidindo cha sukulu, adeputi akudziwa. Mwana apitirize kuphunzira podikira yankho. Tchulani nkhaniyo m'mawu ochepa, monga kuti ndi za kujomba kapena za kuwerenga, chifukwa kalata yongoti "mufike msanga" imamenyetsa mwana usiku womwewo mlandu usanamveke. Perekani nthawi ziwiri zoti asankhe, ina ya 7 koloko m'mawa, ina ya 4 koloko madzulo. Ndipo imbani kapena tumizani uthenga kuti kalata ikubwera, poti makalata ambiri amathera m'ngalande pakati pa sukulu ndi kunyumba.

6. Kholo likafika, musalilandirire mu sitafurumu, aphunzitsi asanu ndi mmodzi akutchera khutu uku akudya vitumbuwa. Pezani malo apadera ndi mipando iwiri yofanana. Inu kukhala pampando, mayi wamkulu ataimirira ndi mwana kumbuyo, nkhani yawonongeka isanayambe. Perekani moni wonse, mufunse za kunyumba. Kenaka onetsani umboni, rejisitala kapena kope la mwanayo, m'malo momutcha waulesi kapena wamwano. Mukatero funsani kuti, "Kunyumba mukumuona bwanji?" ndipo mukhale chete. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chenicheni chimatuluka pakapita kanthawi: bambo anachoka pakhomo, lendi yawasamutsa kawiri temu ino, kapena mwanayo samva bwino khutu limodzi chidwalireni malungo. Wosamva bwino kapena wosaona pa bolodi musunthireni kutsogolo tsiku lomwelo, ndipo mulembereni kakalata kopita nako ku kiliniki.

Makolo ena amafika atathyola kale kamtengo, ena amakuuzani kuti, "Mumenyeni aphunzitsi, ndakulolani." Chilolezo chimenecho alibe choti akupatseni. Chikwapu chinaletsedwa m'sukulu za Zambia mu 2003, ndipo lamulo la maphunziro la 2011 linatsimikizanso. Kholo lomwelo limene lakulolani lero ndi limene lidzathamangire kupolisi dzanja la mwana likatupa. Musalolenso kuti amumenyere pamaso panu. Mutulutseni mwanayo kaye, mutsale akuluakulu nokha.

Musabalalike musanapangane. Chinthu chimodzi chochita kholo, chimodzi chochita inu, chimodzi chochita mwana, ndi tsiku lodzaonanso mmene zayendera. Lembani, muwerenge mokweza, kholo lisaine kapena lidinde chala. Mapangano khumi palibe amene amawasunga.

7. Ndalama za makolo zisadutse m'manja mwanu. Ngakhale ndi za tsache, za mapepala a mayeso a m'kalasi kapena za phwando lotsazikana, mukangosonkhetsa nokha popanda kalata ya ahedi ndi mgwirizano wa komiti ya makolo ndi aphunzitsi, mawa nkhani ili ku ofesi ya DEBS, mkulu woyang'anira maphunziro m'boma lonse la Kafue, kuti mukulipiritsa maphunziro aulere. Nambala yanu ya Airtel Money kapena MTN isalandire kanthu ka sukulu. Gulu la WhatsApp la makolo ndi lothandiza pa zilengezo, koma musaikepo zotsatira za mayeso, mayina a ojomba kapena chithunzi cha mwana wolakwa, ndipo kumbukirani kuti makolo amene mukuwafuna kwambiri ndi amene alibe foni ya intaneti.

Mudzakumana ndi ana osowa nsapato, makope ndi chakudya. Musawabweze pageti chifukwa cha zimenezo. Mudzagulira mmodzi kapena awiri, tonse tinatero, koma malipiro anu sangalere kalasi lonse. Chofunika n'kudziwa makomo ogogoda. Thumba la chitukuko cha dera la phungu, CDF, linakwera mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo mbali ina imalipirira ana osowa amene asankhidwa kupita ku sekondale zogonera komweko ndi achinyamata ophunzira ntchito zamanja. Mafomu ake amadutsa ku komiti yachitukuko ya wodi, ndipo amakhala ndi tsiku lotsekera. Ambuya osadziwa kulemba sangawamalize okha. Mabanja ovutikitsitsa amalembedwa pa mtukula pakhomo wa boma kudzera ku ofesi yosamalira anthu ndi makomiti ake a m'madera otchedwa CWAC. Inu ntchito yanu ndi kulozera, kuthandiza kulemba ndi kupereka kalata yotsimikiza kuti mwanayo ndi wa pasukulu pano. Musalonjeze kuti atengedwa. Mukalonjeza, zikakanika, wabodza ndinu.

8. Pali nkhani zimene simuyenera kuzisenza nokha ngakhale usiku umodzi: mimba, kugwiriridwa, kumenyedwa koopsa kunyumba, ndi ukwati wa mwana. Mwana akayamba ndi mawu akuti "musauze munthu", musavomere. Muuzeni mofatsa kuti simudzauza anzake kapena aphunzitsi onse, koma pali munthu mmodzi kapena awiri amene ayenera kudziwa kuti athandizidwe. Mvetserani, musamufunse mafunso ngati wapolisi, ndipo mukatha lembani mawu ake momwe wawanenera, ndi deti ndi nthawi. Tsiku lomwelo pitani kwa mphunzitsi wa gaidensi ndi kwa ahedi. Kuchokera pamenepo njira ndi ya ku ofesi yosamalira anthu, kuchipatala, ndi ku nthambi ya polisi ya Victim Support Unit. Nambala yaulere ya 116 ndi yothandiza ana, ndipo ilembedwe pakhoma la kalasi lanu. Ngati woganiziridwayo ndi wa m'nyumba momwemo, musaimbire kunyumbako kaye. Apa mfundo yanga yothamangira kwa makolo siigwira ntchito.

Mtsikana woyembekezera sachotsedwa sukulu. Kuyambira 1997 Zambia ili ndi ndondomeko yomulola kupita kutchuthi n'kudzabwerera akabereka, ndipo pali mafomu amene sukulu ndi makolo amasaina. Pamene timalephera ambiri ndi pambuyo pake. Fomu imasainidwa, imalowa mu fayilo, ndiye palibenso amene amamufunsa. Lembani m'kabuku mwezi woyenera kubwerera, muziimba kamodzi pa temu, ndipo mukambirane ndi amayi ake kapena ambuya msanga za amene adzatsale ndi khanda. Ngati akuopa kusekedwa, ahedi angathe kumuthandiza kusamukira kusukulu ina.

Mabanja awiri adzafuna kuti mukhale mboni pokambirana za chindapusa cha mimba, kapena adzakuuzani kuti "takambirana kale pachibale". Kanani mwaulemu. Kugona ndi mwana wosafika zaka 16 ndi mlandu wa kukhoti umene chindapusa sichingafafanize. Lamulo la maphunziro la 2011 limaletsa kukwatitsa mwana wa sukulu, ndipo kusintha kwa lamulo la maukwati kwa 2023 kunathetsa ukwati uliwonse wa munthu wosafika zaka 18, ngakhale wa pachikhalidwe. Dzina lanu likapezeka pa pepala la mgwirizano wotero, mwalowa nawo mumlandu. Dzitetezeninso pa zazing'ono: musalankhule ndi mwana muli awiri chitseko chili chotseka, ndipo musamuitanire kunyumba kwanu, kaya kudzatenga makope kaya kudzakuthandizani kuchapa.

9. Kuyendera mwana kunyumba kumathandiza kuposa makalata atatu, koma kuli ndi kachitidwe kake. Ahedi adziwe, mupite awiri, masana, ndipo ngati mwanayo ndi mtsikana mmodzi wa inu akhale wamkazi. Uzani banjalo kuti mukubwera. Kutulukira mwadzidzidzi kumaoneka ngati mwabwera kudzaona umphawi wawo. Akakupatsani kampando khalani, akakupatsani madzi landirani. Zimene mwaona m'nyumbamo si nkhani ya mu sitafurumu.

Za misonkhano ikuluikulu ya PTA sindinena zambiri. Amabwera ndi omwe aja, amalankhula ndi omwe aja, ndipo nthawi yambiri imathera pa za mpanda ndi mlonda. Phindu lake kwa inu lili pageti msonkhano ukatha, pamene mungagwire makolo atatu kapena anayi n'kukonza manambala awo. Pa tsiku lotenga malipoti, chongani amene abwera. Mndandanda wa amene sanabwere ndiwo ntchito yanu ya sabata yoyamba ya temu yotsatira. Ndipo m'komiti ya makolo mumakhala mayi mmodzi kapena awiri odziwa khomo lililonse la m'komboni, amene amayenda m'maliro, m'chilimba ndi m'mabungwe a kutchalitchi. Adziweni. Angakupezereni mwana wosowa dzuwa lisanalowe, bola musawauze chifukwa chimene mukumufunira ngati ndi nkhani yachinsinsi.

10. Mu Disembala, kabuku kaja musapite nako kwanu. Masamba okhala ndi nkhani zolemera aperekeni kwa mphunzitsi wa gaidensi akatsekeredwe m'kabati. Zotsalazo, mayina a osunga ana, manambala, zizindikiro za nyumba ndi mapangano amene sanathe, khalani pansi ndi mphunzitsi amene adzatenge kalasilo mudutsemo limodzi, ola limodzi lokha. Mumuuzenso kuti mu Januwale adzayesenso manambala onse, chifukwa pa tchuthi ena amataya foni, ena amasintha simukhadi, ndipo ana ena amabwerera akugona kwa munthu wina.